Chilungulira chosatha: kuyeza kwake, ndi zimene zimasokoneza zotsatira

Wodwala chilungulira nthawi zambiri amafika kuchipatala atamwa kale omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'chifu, wogula ku famase, ena kwa miyezi, mwa apo ndi apo. Akafika pempho limakhala limodzi: andiunike m'mimba. Koma matenda a asidi wobwerera kummero, amene madokotala amalemba GERD m'kabuku ka kuchipatala, alibe kuyeza kumodzi kotha nkhani yonse. Kuyeza kulikonse kumayankha funso lakelake, ndipo mankhwala amene munthu wamwa asanayezedwe angathe kusintha yankholo.

Mmero ndi paipi ya mnofu yotalika pafupifupi masentimita 25. Kumunsi kwake, pamene wakumana ndi chifu, pali mnofu wozungulira umene umatseguka chakudya chikamadutsa kenako n'kutsekanso. Ukamatseguka pa nthawi yolakwika, kapena mbali ya chifu ikakwera m'chifuwa kudzera pa kabowo ka mnofu wopumira, zam'chifu zimabwerera m'mwamba. Khungu la m'kati mwa chifu linapangidwa kuti lipirire asidi, la kummero ayi. Aliyense zimamuchitikira pang'ono akakhuta. Timati ndi matenda zikamabwera kawiri pa sabata kapena kuposa, zikamasowetsa tulo, kapena zikayamba kuwononga mmero.

Kuyeza koyamba ndi mafunso, ndipo anthu amakupeputsa chifukwa palibe makina. Zizindikiro zodalirika n'ziwiri: kutentha kuseri kwa fupa la pachifuwa kokwera cha kukhosi, ndi madzi owawasa kapena chakudya kubwerera kukamwa popanda kusanza. Zimakula munthu akadya nsima yambiri usiku n'kugona pompo, akawerama popalira kapena posankha fodya m'chigafa, akadya zonona monga tchipisi ndi kanyenya, akamwa mowa, akasuta. Mbatata ndi nyemba anthu amazidziwa okha. Ululu wa pamwamba pa mchombo wobwera ndi njala kapena wodzutsa munthu pakati pa usiku ndi nkhani ina, umaloza kwambiri ku zilonda za m'mimba, ndipo kuyeza kwake n'kosiyana.

Potulutsa kabuku, tulutsaninso mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa. Bulufeni, diclofenac ndi asipirini amayambitsa zilonda ndi kutentha. Doxycycline akamezedwa ndi madzi ochepa munthu n'kugona amamatirira kummero n'kuwotcha pomwepo, ululu wake umayamba mwadzidzidzi ndipo umamveka pomeza. Nifedipine ndi amlodipine a BP amafewetsa mnofu wotseka uja. Nthawi zina kusintha mankhwala amodzi kumathetsa vuto popanda kuyeza kwina kulikonse.

Pali mayankho ena amene akangotuluka, zoyesera mankhwala zimathera pomwepo. Chakudya kutsamwa kapena kuima pachifuwa pomeza, ululu pomeza, kuwonda popanda chifukwa, kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii chonata, kusanza kosaleka, kapena magazi kupezeka ochepa. Pano ndiime pang'ono, chifukwa mabuku ambiri a nkhaniyi analembedwa ku Ulaya ndi ku America kumene nkhawa yawo ndi ina. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse, ndipo mtundu wofala kuno suchokera ku chilungulira. Imayamba mwakachetechete: nyama imavuta kumeza, kenako nsima yolimba, munthu amayamba kuifewetsa ndi msuzi wambiri, kenako amangodya phala. Pa nthawi yonseyi amakhala akumwa mankhwala a asidi, ndipo popeza amachepetsako kutentha, iye ndi achibale amaganiza kuti akupeza bwino. Munthu amene nsima ikuima pachifuwa asapatsidwe mwezi woyesera omeprazole. Afunika kalata yopita kukaunikidwa ndi kamera sabata yomweyo, ngakhale ali ndi zaka 35.

Ululu wa pachifuwa uli ndi msampha wake. Mtima ndi mmero zimatumiza ululu malo amodzi. Ngati umabwera pokwera chitunda pa njinga kapena ponyamula thumba, umafalikira ku mkono kapena ku nsagwada, ndi thukuta ndi befu, choyamba ndi kuyeza mtima ndi makina a ECG, makamaka kwa wa shuga, wa BP ndi wosuta. Kuti ululu unatha mutamwa mankhwala ozimitsa asidi monga magnesium trisilicate kapena soda si umboni woti mtima uli bwino. Chimodzimodzi mayi woyembekezera: chilungulira n'chofala ndipo sichifuna makina, koma ululu wa pamwamba pa mimba pakatha masabata 20, limodzi ndi mutu, kutupa kapena kuona zinthu mwachimbuuzi, umafuna kuyeza BP ndi mkodzo tsiku lomwelo.

Ngati zoopsazi palibe ndipo zizindikiro ndi ziwiri zodziwika zija, kuyeza kotsatira ndi mankhwala enieniwo. Omeprazole wa 20 mg kamodzi pa tsiku kwa masabata 4 mpaka 8. Zikumveka zosavuta, koma apa ndi pamene pamalakwika zambiri.

Mankhwalawa sazimitsa asidi amene ali kale m'chifu. Amatseka timapampu totulutsa asidi m'khungu la chifu, ndipo amagwira timapampu tokhato timene tadzuka, pamene chodzutsa chake ndi chakudya. N'chifukwa chake amamwedwa mphindi 30 mpaka 60 musanadye chakudya choyamba cha tsiku. Amene amalawirira kumunda 5 koloko osadya kanthu n'kudzadya cha m'ma 11, asamwe kapisozi podzuka, chifukwa pofika nthawi yodya mankhwala amakhala atatha m'magazi. Amwe atatsala pang'ono kuweruka. Kapisozi asatafunidwe, timibulu ta m'kati tili ndi chikuto chotiteteza ku asidi. Mphamvu yonse imafika pakatha masiku 3 mpaka 5 akumwa mosadumphitsa, choncho amene amamwa tsiku limene kwatentha lokha sanayese kanthu. Pobwerera kwa dokotala n'kunena kuti "sanandithandize", funso loyamba liyenera kukhala la nthawi yomwera, osati la makina otsatira.

Amene ali pa ma ARV anene asanayambe. Atazanavir amafuna asidi kuti alowe m'thupi, ndipo omeprazole amamufooketsa kwambiri, moti sizimwedwa pamodzi. Dolutegravir, amene ali m'mankhwala omwe ambiri akumwa masiku ano, alibe vuto ndi omeprazole, koma amamatana ndi magnesium ndi aluminium a m'mankhwala otafuna kapena amadzi oyera aja. Dolutegravir amwedwe maola 2 musanamwe amenewo, kapena maola 6 mutamwa.

Kodi kupeza bwino kumatsimikiza kuti ndi GERD? Ayi, sikumatsimikiza kwenikweni. Zilonda za m'mimba nazo zimamva omeprazole, ndipo pafupifupi theka la anthu amene alibe asidi wobwerera mopitirira amanenanso kuti apezako bwino. Koma kwa munthu wachinyamata wopanda zizindikiro zoopsa, zimenezi n'zokwanira kuyambira. Pakatha masabata 8 mankhwala amasiyidwa kuti tione. M'masabata awiri oyamba kutentha kungabwerere mwamphamvu chifukwa chifu chimatulutsa asidi wochuluka chikangomasulidwa, ndipo zimenezi zimazilala zokha. Kukapitirira, kapena ngati mankhwala omwedwa moyenera sanathandize n'komwe, nthawi ya kamera yakwana.

Tisanafike kumeneko, pali kuyeza kuwiri kumene anthu amawonongerapo ndalama. Sikani ya pamimba, yopaka mafuta ija, sioona asidi wobwerera ndipo sioona zilonda za kummero. Imathandiza pofufuza miyala ya mu ndulu kapena matenda a chiwindi, ngati ululu uli kumanja pansi pa nthiti. Kwina ndi kuyeza kachilombo ka H. pylori. Kachilomboka kamayambitsa zilonda za m'chifu, koma sikamene kamabweretsa asidi kummero, ndipo kuno anthu ambiri ali nako kuyambira ubwana popanda vuto. Kuyeza kwa magazi kumangoonetsa kuti thupi linakumanapo nako, ndipo kumakhalabe pozitivu ngakhale mutachira, choncho musamwe mankhwala ake kachiwiri chifukwa cha pepala la magazi. Kuyeza kwa chimbudzi n'kodalirika, koma pokhapokha mutasiya omeprazole masabata 2 ndi maantibayotiki masabata 4. Mukapanda kutero kachilombo kamabisala, pepala n'kunena kuti mulibe.

Kuunika ndi kamera, endoscopy, kumachitika ku zipatala zazikulu. Wa ku Kasungu nthawi zambiri amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, ndipo pamafunika kalata yochokera kuchipatala cha boma ndi tsiku lopatsidwa. Ulendo wotere suyenera kupita pachabe, ndiye kukonzekera kwake ndikufotokoza mwatsatanetsatane.

Ngati cholinga n'kufufuza chilungulira, omeprazole asiyidwe masabata 2 mpaka 4 tsikulo lisanafike. Mankhwalawa amapoletsa zilonda za kummero mwa anthu ambiri, ndiye kuunika munthu akumwa kuli ngati kukayendera munda utapaliridwa kale kuti muone ngati munali udzu. M'masabata amenewa mungadalire mankhwala otafuna aja kutentha kukavuta. Koma ngati mukuunikidwa chifukwa chotsamwa kapena kutaya magazi, musachedwetse tsiku pofuna kusiya mankhwala, pitani mmene mulili.

Chifu chikhale chopanda kanthu: osadya maola 6 mpaka 8. Phala, thobwa, maheu ndi tiyi wamkaka zonse ndi chakudya. Madzi akumwa okha, pang'ono, amaloledwa mpaka maola 2 nthawi isanakwane. Nthochi imodzi yodyera mu minibasi pa Mponela imakwanira kubwezetsa munthu, chifukwa chakudya chimaphimba kamera, ndipo choopsa kwambiri chingabwerere n'kulowa m'mapapo. Wa shuga afunse pasadakhale za mankhwala ake, asamwe glibenclamide kapena kubaya insulin ya m'mawa ali ndi njala popanda malangizo. Amene amamwa warfarin kapena mankhwala ena osungunula magazi anene tsiku lolembetsa, osati ali kale pa bedi.

M'chipindamo amakupoperani mankhwala owawa ochititsa dzanzi kukhosi, mumagona chammbali kumanzere, mano oikirira amachotsedwa, ndipo mumaluma kapulasitiki koteteza mano ndi paipi. Paipiyo ndi yofewa, pafupifupi mamilimita 10 m'mimba mwake. Povuta ndi pa kumeza koyamba, masekondi ochepa. Siidutsa m'njira ya mpweya, mumapuma bwinobwino, ndipo malovu muwasiye azituluka okha. Amapopera mpweya kuti chifu chitambasuke, ndiye kugeya kumabwera, musachite nako manyazi. Zonse zimatenga mphindi 5 mpaka 15. Mukatuluka dikirani ola limodzi musanadye kapena kumwa, mpaka dzanzi litatha. Ngati anakubayani ogonetsa, pafunika wokuperekezani, ndipo osayendetsa galimoto kapena njinga yamoto kwa maola 24. Kukhosi kumakanda tsiku limodzi kapena awiri. Kubooka kwa mmero n'kosowa kwambiri, koma ululu waukulu pachifuwa, kutentha thupi kapena kusanza magazi pambuyo pake n'zobwerera nazo kuchipatala nthawi yomweyo.

Pa pepala la zotsatira mungaone mawu oti LA grade ndi chilembo. Ndi muyezo wa Los Angeles wa zilonda za asidi kumunsi kwa mmero. A ndi timizere tosapitirira mamilimita 5. B ndi zotalika kuposa pamenepo koma zosalumikizana. C ndi zolumikizana pakati pa makwinya a mmero koma zosafika magawo 75 pa 100 a kuzungulira kwake, ndipo D ndi zofika pamenepo kapena kupitirira. Mgwirizano wa akatswiri wa Lyon, umene unakonzedwanso mu 2023, umatenga B, C ndi D ngati umboni wokwanira. A payekha si umboni, amapezeka ngakhale mwa anthu osadwala. Wa C kapena D amafunika mankhwala a nthawi yaitali, ndi kuunikidwanso akamaliza masabata 8 a mankhwala, kuti aone zimene zilonda zinaphimba. Umboni wina ndi mmero wopanikizika ndi zipsera za asidi, ndi Barrett, pamene khungu la kumunsi kwa mmero lasintha kukhala lofanana ndi la m'matumbo. Barrett amatsimikizidwa ndi kanyama kotapidwa n'kutumizidwa ku labu. Kutapako sikupweteka. Zotsatira zake zimatenga masabata, choncho siyani nambala ya foni yogwira ndipo funsani tsiku lobwerera musanatuluke pa geti.

Kuno kamera imapezanso kawirikawiri zinthu zosakhudzana ndi asidi. Zigamba zoyera zomatirira kummero ndi mafangasi a candida, ofala mwa amene chitetezo chatsika, ndipo mankhwala ake ndi fluconazole kwa masiku 14 mpaka 21, limodzi ndi kuyezetsa HIV kapena kuona viral load. Omeprazole sangachize zimenezo.

Chodabwitsa ambiri n'chakuti mwa anthu a chilungulira chenicheni, oposa theka kamera siipeza chilonda chilichonse. Pepala lolembedwa normal silikutanthauza kuti mukunama kapena kuti ulendo unapita pachabe. Latsimikiza kuti mulibe chotupa, mulibe chilonda, mmero sunapanikizike. Kwa ine phindu lalikulu la kamera m'dziko lathu ndi limeneli, kuposa kupeza chilembo cha A kapena B.

Ekisire yomwera madzi oyera ngati choko, barium swallow, ndiyofunika kuidziwa malire ake. Imajambula maonekedwe a mmero: pamene papanikizika, chifu chokwera m'chifuwa, kapena mmero wotukumuka wosongoka kumunsi. Kwa wotsamwa amene tsiku la kamera lili kutali, ingathandize kufulumizitsa zinthu. Koma siyeza GERD. Madziwo angabwerere mwa munthu wabwinobwino, n'kusabwerera mwa wodwala pa mphindi zochepa zojambulazo. Mayi woyembekezera asajambulidwe. Pambuyo pake chimbudzi chimayera ndi kulimba masiku angapo, imwani madzi ambiri.

Kuyeza kumene kumawerenga asidi weniweniyo ndi kwa pH kwa maola 24; pH ndi muyezo wa asidi, ikamatsika ndiye kuti asidi wachuluka. Makina ake sapezeka pa chipatala cha boma, ndi a zipatala za akatswiri a m'mimba, ndipo anthu ochepa okha ndi amene amafunika kufika pamenepa: amene kamera sinapeze kanthu koma mankhwala sakuthandiza, amene vuto lawo ndi chifuwa chosatha, kusasa mawu kapena mphumu yoganiziridwa kuti ikuchokera ku asidi, ndi aliyense amene akuganiziridwa opaleshoni.

Kapaipi ka mamilimita 2 kamalowa pamphuno, nsonga yake n'kuima masentimita 5 pamwamba pa mnofu wotseka uja, ndipo kunja kamalumikizidwa ku kamakina kovala m'chiuno. Mumapita kunyumba nako. Mumadina batani poyamba ndi pomaliza kudya, pogona ndi podzuka, komanso nthawi iliyonse imene kwatentha kapena mwatsokomola. Makina amawerenga nthawi yonse imene pH ya kummero inatsika pansi pa 4. Ikakhala yosakwana magawo 4 pa 100 a tsiku, kutanthauza pafupifupi ola limodzi, zili bwino. Ikapitirira magawo 6 pa 100, pafupifupi ola ndi theka, ndi GERD. Pakatipa pamafunika umboni wina. Mtundu wa kapaipi wokhala ndi impedance umawerenganso kubwerera kwa madzi opanda asidi ndi mpweya: kosakwana 40 pa tsiku n'kwabwinobwino, kopitirira 80 n'kochuluka. Palinso kakapisozi kotchedwa Bravo kamene amamata kummero pa nthawi ya kamera, kopanda chingwe pamphuno. Kamayeza maola 48 mpaka 96 kenako kamagwa kokha n'kutuluka ndi chimbudzi, ndipo munthu asalowe m'makina ojambula a MRI kwa masiku 30.

Zolakwika zake zambiri zimachokera kwa woyezedwa. Ngati GERD sinatsimikizidwepo, omeprazole asiyidwe masiku 7, apo ayi makina adzapeza asidi wochepa n'kunena kuti muli bwino. Ena chifukwa cha kapaipi pamphuno amangokhala pa mpando tsiku lonse, kudya pang'ono, osawerama, ndiye tsikulo silifanana ndi masiku amene amadwala. Idyani nsima yanu ya masiku onse pa nthawi yake, gwirani ntchito, gonani mmene mumagonera. Zakumwa zowawasa monga Fanta, Sobo, malambe kapena madzi a mandimu zomwera pakati pa zakudya popanda kudina batani zimaoneka ngati asidi wobwerera. Batani la ululu lidinidwe pomwepo, chifukwa makina amayang'ana mphindi 2 zokha za m'mbuyo kuti aone ngati panali kubwerera. Kapaipi kakatsetsereka n'kulowa m'chifu, manambala onse amakwera mopanda tanthauzo, n'chifukwa chake pulasitala ya pamphuno siyenera kukhudzidwa.

Zotsatira zimagawa anthu amene amadandaula mofanana. Wina asidi ndi wochulukadi, ndipo afunika mankhwala okwanira kapena opaleshoni. Wina asidi ndi wa mlingo wabwino koma ululu umabwera ndendende pa kubwerera kulikonse, mmero wake umamva msanga. Wina ululu sugwirizana ndi kubwerera kulikonse. Awiri omalizawa kuwonjezera omeprazole sikuwathandiza kwenikweni, ndipo madokotala amayesa mankhwala ochepetsa kumva kwa mitsempha monga amitriptyline wa mlingo wochepa usiku.

Malo oika kapaipi ka pH amapezedwa ndi kuyeza kwina, manometry, kumene kumayeza mphamvu ya minofu ya mmero. Paipi yokulirapo pang'ono imalowa pamphuno, mumameza madzi a mamililita 5 ka 10 mutagona, osameza kawiri motsatizana, ndipo kompyuta imajambula mmene mmero ukukankhira. Payokha siipeza GERD. Ntchito yake yaikulu ndi kugwira achalasia, matenda amene mnofu wa kumunsi umakana kutseguka, chakudya n'kumaunjikana kummero, kuwawasa ndi kubwerera kukamwa usiku ngati chilungulira. Wodwala wotere amavutika kumeza madzi ndi nsima mofanana kuyambira pachiyambi, ndipo kamera ingamuphonye matenda akadali aang'ono. Opaleshoni ya GERD, ya Nissen, imakulunga mutu wa chifu kuzungulira kumunsi kwa mmero kuti pathine. Ikachitidwa pa munthu wa achalasia imathinitsa pamene panali pothina kale, ndipo amatuluka m'chipatala akulephera kumeza kuposa mmene analowera.